Lipenga la Asibweni a Longwe

Sabata yatha chinakwana chaka chiwaikire m'manda asibweni anga a Longwe, alongo awo a mayi anga. Tinasonkhana ochepa kunyumba kwawo ku Mchengautuwa, tinapemphera, tinamwa tiyi, ndipo aliyense ananena chimene amawakumbukira nacho. Wina anati anali aukhondo, wina anati ankasunga nthawi, wina anati sanajombepo kutchalitchi. Zonsezo n'zoona, koma ine ndinaona ngati tikukamba za munthu wina wofatsa amene sindinamudziwe. Asibweni anga anali amakani, ndipo makani awo aakulu anali pa nkhani ya nyimbo.

Ankatuluka pakhonde nthawi ikamayandikira naini, dzuwa la Mzuzu likayamba kugonjetsa chifunga. Ankatuluka atavala jekete ndi tayi, ngakhale tsikulo likhale lopalira mpiru kuseri kwa nyumba. Wailesi ikamaimba sankangomvera ndi makutu ayi, ankaika zala zawo pa sipika. Ankati nyimbo uziyamba kuimvera pansi, kumene kuli besi ndi ng'oma, chifukwa woimba angathe kukunamiza ndi mawu okoma koma wa besi alibe pobisala. Kwaya ya kutchalitchi kwawo ankaikonda, koma ikathamangitsa nyimbo ankagogoda benchi ndi chala mpaka wotsogolera acheuke. Anasiya kuwaitana ku mapulakatisi a kwaya kalekale, ndipo iwo ankati kumeneko kunali kuluza kwa kwayayo.

Chuma chawo chinali lipenga lachitsulo, la mabatani atatu, lomwe linasuluka pamalo pogwira zala. Akazi awo, anti a Nyamhone, ankati iwo anakwatiwa mitala, ndipo mkazi wamkulu ndi uja wogona m'kabokosi. Ndewu yawo ya masiku onse inali ya mafuta a makina osokera. Anti ankabisa kabotolo kawo m'thumba la nyemba, asibweni ankakapeza n'kudonthezera m'mabatani a lipenga, kenako n'kukabwezera pomwepo ngati palibe chachitika. Anti akazindikira ankalalata ali kukhitchini, asibweni n'kuyankha ali pakhonde ndi timawu titatu ta lipenga, totsika ngati munthu wopepesa asakufuna. Zaka zonse zimene ndinawadziwa, sindinaone wopambana pa mlandu umenewu.

Anabadwira ku Nkhata Bay, ndipo lipenga lawo loyamba linali chipanda cha gule wa malipenga, chomata kumapeto ndi kanembanemba ka kangaude kuti chizilira mwa nthetemya. Ali mnyamata anapita ku Bulawayo kukagwira ntchito yoperekera zakudya m'hotela. Kumeneko kunali bandi ya jazi, ndipo mkulu woimba lipenga atatopa kuona mnyamata akuima ndi thileyi m'manja pakamwa pali yasa, anamuitana n'kuyamba kumuphunzitsa. Atabwerera kuno anagwira ukalaliki pa ofesi ina ya matabwa, koma Loweruka masana ankaimba ndi anzawo anayi pa hotela ina m'tauni. Anthu achikulire a ku Chibanja amakumbukirabe kuti bandi imeneyo inkavinitsa ndi aphunzitsi aakulu omwe. Koma palibe amene anaijambulapo. Munthu wina wa makina ojambulira analonjeza kubwera kuchokera ku Blantyre, mvula inadula msewu, ndipo nkhani inathera pomwepo. Anzawo anayi aja anapita mmodzimmodzi. Asibweni ankanena mosadandaula kuti nyimbo zonse za bandi ija zatsala m'chifuwa chimodzi chokha, ndipo chifuwacho chayamba kutsokomola.

Za hipihopu sankafuna n'kumva komwe. Ankati ndi anthu akukangana pa depoti, wina n'kuwaikira ng'oma. Inenso sindinkawatsutsa, chifukwa zanga zinali za kwaya. Koma tsiku lina pa shopu yosindikiza mapepala pamene ndimagwira ntchito, mnzanga anaika fulashi yake, ndipo panalira nyimbo imene inandiimitsa dzanja. Pamwamba panali mnyamata akulankhula mothamanga mu Chingerezi, monga mwa masiku onse. Koma pansi pake panali besi ya nsambo zonenepa ikuyenda pang'onopang'ono, ndi lipenga lolira ngati latsekedwa kukamwa. Kulira kumeneko ndinkakudziwa. Ndinakulira nako pa khonde la ku Mchengautuwa. Sabata imeneyo ndinafufuza pa foni n'kupeza kuti nyimbo zoterezi n'zambiri, zatsopano ndithu, zomangidwa pamwamba pa jazi wakale. Loweruka ndinanyamuka nazo, cholinga changa chili chongowaputa.

"Asibweni, tamverani iyi."

"Za kulalata zija? Yayi, Tiwonge, makutu angawa ndi okalamba, uziwachitira chisoni."

Ndinaika foni m'kapu yopanda kanthu kuti mawu akule, n'kuyatsa. Anayamba ndi kukwinya nkhope. Kenako anatambasula dzanja n'kugwira kapu ija ndi nsonga za zala.

"Bwezera."

Ndinabwezera.

"Wa besiyu ndi munthu, si makina. Ukumva chala chikukhula nsambo? Listen. Apo." Anamvetseranso, kenako anandiyang'ana ngati ndine ndalakwa. "Nanga bwanji akumubweza? Munthu akufuna kupita penapake, akangonyamula phazi amubweza, akangonyamula phazi amubweza."

Ndinawafotokozera zimene ndinali nditangophunzira kumene, kuti anyamatawa amadula kachidutswa pa lekodi yakale n'kumakazunguliza, iwo n'kumalankhula pamwamba pake.

"Mwini wake akudziwa?"

"Kaya, mwina anamwalira."

"Ndiye kuti akuba kumanda," anatero, n'kukankha kapu.

Koma Loweruka lotsatira ndisanakhale n'komwe anafunsa ngati ndabweretsa akuba anga aja. Kuyambira pamenepo inakhala ntchito yathu. Ine ndinkasaka nyimbo zatsopano mkati mwa sabata, iwo ankaziweruza ngati mphunzitsi wochonga mayeso. Ankatchula chida chilichonse chobisala pansi, ankandiuza kuti piyano iyi anaijambula m'chipinda chachikulu, ng'oma iyi akuimba ndi timaburashi osati timitengo. Zambiri ankazilepheretsa. Koma tsiku lina anamvera mtsikana wina akurapa, ndipo anaseka yekha. Anati mtsikanayo akuyenda m'mbuyo mwa ng'oma mwadala, akuchedwa pang'ono ngati munthu amene akudziwa kuti basi siingamusiye, ndipo ulesi wotere umatenga zaka kuti munthu auphunzire. Anati mkulu wa ku Bulawayo uja ankaimba lipenga chimodzimodzi. Sanavomere kuti akuzikonda. Ankangoti akufuna kudziwa mmene mbava zimagwirira ntchito.

Nthawi imeneyo n'kuti mano awo akutsogolo atayamba kugwedera. Kwa ena imeneyi ndi nkhani ya chimanga chootcha chabe, koma lipenga limatsamira pa mano. Milomo imakanikizidwa pakati pa chitsulo ndi mano, ndipo mano akachoka mpweya umangothawa. Kuchipatala anawauza kuti anayi akutsogolo ayenera kuzulidwa chifukwa nkhama zinali zitatupa, ndipo anawapatsa tsiku, Lachinayi lina la mwezi wotsatira. Anandiuza tili awiri pakhonde, ndipo anandilumbiritsa kuti ndisauze munthu wakunja. Sankafuna kuti anthu aziwamvera chisoni ngati nkhuku yonyowa. Ine ndinamva mantha, chifukwa ndinawerengera masiku n'kuona kuti likadutsa Lachinayi limenelo, lipenga la a Longwe silidzamvekanso kwina kulikonse pa dziko lino.

Pa shopu yathu pankabwera bambo wina dzina lake Wongani kudzasindikiza mapositala. Anali ndi situdiyo ku Geisha, kachipinda kuseri kwa nyumba ya mayi ake, komwe ankapangira nyimbo oimba a hipihopu a mu mzinda muno. Nditamuuza kuti ndili ndi asibweni oimba lipenga la jazi, maso anatuluka. Anati wakhala akudula malipenga a anthu akunja amene sanawaonepo, pamene lenileni lili ku Mchengautuwa. Za mano sindinamuuze, poti ndinali nditalumbira.

Anabwera Loweruka, anavula chipewa ali pa geti, n'kunjuta pafupi ndi mpando wawo.

"Monire, adada."

"Yewo. Ndiwe wodula nyimbo za anthu uja?"

"Ndine, adada. Koma ndimafuna ndikujambuleni inuyo, live, mwa kufuna kwanu."

"Ukajambula udule?"

Wongani sanathe kunama. Anati ntchito yake ndi yomweyo.

"Young man, lipenga langa si nyama ya pa chiwaya yoti muzidula tizidutswa n'kumatola ndi kamtengo. Nyimbo ili ndi poyambira, ili ndi pothera. Yewo chomene pobwera."

Anabweranso kachiwiri, yankho linali lomwelo. Ine ndinakwiya nawo, ndinawauza kuti makani awowo adzalowa nawo m'bokosi limodzi ndi nyimbo zawo. Anandiyankha kuti ndaphunzira pakamwa kwa anti anga. Tinasiyana osatsanzikana bwino.

Lachitatu, mawa lake lili tsiku la kuchipatala, ndinangoona munthu waima pakhomo la shopu, suti yakuda, nsapato zopolishidwa, kabokosi ka lipenga m'manja.

"Pempha kwa abwana ako. Tiye ku Geisha."

Kachipinda ka Wongani kanali komata ndi matileyi a mazira khoma lonse, pawindo atatsekapo matiresi. Asibweni anayang'ana uku ndi uku n'kufunsa ngati nkhuku zake zili bwino. Mahedifoni anakana, anati asokoneza tsitsi. Anaima patsogolo pa maikolofoni, miyendo motalikirana pang'ono, anatseka maso, n'kuyamba.

Ndinawamvapo akuimba kambirimbiri, koma timawu ta apa ndi apo, toyankhira anti kapena tosisitira madzulo. Tsiku limenelo anaimba ngati bandi yonse ili kumbuyo kwawo. Ankasiya mpata pamene pankalowa wa piyano, ankagwedeza mutu kuloza ku ngodya kumene kukanakhala wa ng'oma. Anaimba za pa hotela zija imodzi ndi imodzi, anaimba ya malipenga a kwawo, anaimba ya m'buku la nyimbo mwa kayendedwe ka jazi moti abusa akanamva akanayang'ana kumbali. Pomaliza anaimba yawoyawo, imene anapeka ali m'sitima pobwerera kuchokera ku Bulawayo, yopanda dzina. Poyambirira pake lipenga linakwera, dzino linasuntha, liwu linasweka, ndipo tinamva akukoka mpweya. Sanaime. Anapitiriza mpaka kumapeto. Zonse zinatenga mphindi ngati makumi anayi, ndipo pochotsa lipenga pakamwa panali timagazi pa chitsulo. Anapukuta msanga ndi hanki Wongani asanaone.

"Zonse zalowa?"

"Zonse, adada."

"Yewo."

Pobwerera anakana kukwera njinga, anati tiyende. Anandigulira nthochi panjira ngati ndine mwana wa sukulu. Mawa lake mano anazulidwa.

Patapita masabata atatu Wongani anabwera ndi sipika yaing'ono, nkhope ili mwee. Anayatsa. Ng'oma inayamba yolemera, besi inalowa, kenako lipenga la asibweni linakwera, linasweka, mpweya unamveka, n'kubwereranso poyamba. Linakweranso, linaswekanso. Pamwamba pake mtsikana wina wa ku Chibanja ankarapa m'Chitumbuka ndi m'Chichewa za bambo ake amene anapita ku Joni osabwerera. Kunena zoona, inali nyimbo yabwino. Koma pa mphindi makumi anayi zija, Wongani anatengapo masekondi asanu ndi limodzi.

"Pa zonse zija," anatero asibweni, mawu akutuluka mofwefwenthera chifukwa cha mpata wa m'kamwa, "wasankha pamene ndinalakwitsa?"

"Adada, pamene paja m'pamene panandigwira. Pena ponse mwaimba bwino chomene, koma apa munthu amamva kuti pali munthu."

"No, no, no. Chabwino, zako izo. Ine undiikire zonse pa sidi, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ndikufuna ziwiri, ina ipite ku Nkhata Bay."

Wongani anayang'ana pansi. Kenako anayang'ana pakamwa pa asibweni, ndipo ndinaona kuti ndi nthawi yoyamba kuzindikira kuti mano palibe. Anafotokoza mwachibwibwi kuti kompyuta yake ndi yaing'ono, imadzaza msanga, ndipo kagwiridwe kake ka ntchito n'kakuti akadula chimene akufuna, zotsalazo amafufuta kuti apeze malo. Amatero ndi aliyense. Ankaganiza kuti akafuna zina adzangowaitananso, poti lipenga lilipo, mwini wake aliponso.

Palibe tsiku limene ndinadzida ngati limenelo. Wongani sanadziwe za mano chifukwa ine ndinasunga lumbiro. Asibweni sanadziwe kuti masiku ano chojambulidwa chimafufutika ndi chala chimodzi, iwo ankadziwa za malekodi, kuti chalowa chalowa. Ine amene ndinkadziwa mbali zonse ziwiri ndinangokhala pa mpando wa pulasitiki m'situdiyo muja n'kumaomba m'manja.

Asibweni sanakalipe. Anakonza tayi yawo, n'kunena kuti, "Young man, pita bwino." Anti a Nyamhone, amene anamva zonse ali pakhomo, analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kabotolo ka mafuta a makina, n'kukaika pa mawondo a amuna awo. Asibweni anakayang'ana nthawi yaitali, kenako anawabwezera.

Mwezi wathunthu sanafunse za akuba anga. Ndinkapita Loweruka, tinkakamba za mvula ndi za mitengo ya mapeyala, foni ili m'chikwama. Koma nyimbo ija inali itatuluka kale, ndipo inayenda. Inkalira m'mababashopu, m'maminibasi, pa njinga zamoto za akabaza. Amisiri owotcherera zitsulo amene ali kutsidya kwa msewu, moyang'anizana ndi khonde lawo, anaikonda kuposa onse. Munthu sungatseke makutu pakhomo pako pomwe.

Tsiku lina masana tili pakhonde, inayamba kulira kutsidyako. Ndinafuna kupita kukawapempha kuti atsitse, koma asibweni anandigwira mkono. Lipenga linakwera, linasweka, ndipo pamene linkabwerera poyamba, iwo anapitiriza ndi pakamwa, chapansipansi, zala zitatu zikudina pa bondo. Anaimba mbali yotsatira, imene Wongani anafufuta, pamwamba pa ng'oma ya Wongani yomweyo, ndipo zinagwirizana ngati zinabadwira pamodzi. Atamaliza anapukusa mutu.

"Ng'oma yake ikufulumira kulowa. Ukamuuze abwere."

Wongani anabwera akuyembekezera kukalipidwa, koma anapeza mlandu wina. Asibweni anamukhazika pansi ola lathunthu kumuphunzitsa kuchedwa. Kuyambira pamenepo ankabwera ndi nyimbo zake zosamaliza, iwo n'kumazilepheretsa mokondwa. Za kufufuta sanazitchulenso, kupatula kamodzi. Anamuuza kuti wawadula ndithu, koma wadula ngati nzimbe ya mbewu, pamene pali mfundo. Wongani analira, bambo wandevu zake, ndipo asibweni anamuuza kuti asanyowetse khonde la anti.

Nyimbo ija ikalira kutsidya, ankaipitiriza nthawi zonse. Ndinawamva mwina kakhumi, mwina kuposa. Foni yojambulira inali m'manja mwangamu. Ndinkati ndidzawajambula Loweruka likubwerali, akadzakhala kuti sakutsokomola, kukadzatentha pang'ono, amisiri akadzasiya kugogoda. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Kuzizira kwa Julaye kunabwera, chifuwa chinawagwira, ndipo sabata isanathe anali atapita.

Sabata yathayi alendo atabalalika ndinatsala ndekha pakhonde. Mpando wawo anaulowetsa m'nyumba, koma pa simenti pali timaenje tinayi pamene miyendo yake inadya kwa zaka zambiri. Anti ayanikapo nyemba mbali imodzi, koma pa timaenjepo sayalapo kanthu, amalambalala. Kutsidya amisiri anali pa ntchito, ndipo posakhalitsa nyimbo ija inalira, poti sanatope nayo mpaka lero. Lipenga linakwera, linasweka, asibweni anakoka mpweya. Ndinatsegula pakamwa kuti ndipitirize. Ndinapeza timawu titatu, kenako sindinadziwe ngati imakwera kapena imatsika.

"Pamenepo imatsika," anatero anti ali pakhomo, lichero m'manja.

"Kenako, anti?"

Anaganiza, milomo ikuyenda pang'ono.

"Kaya, mwana wanga. Ine ndinkangomvera kukhitchini."

Anakhala pa sitepe, ine ndinaima pafupi ndi timaenje tija. Kutsidya lipenga linakweranso kufika pamalo paja, n'kubwerera, ndipo pakhonde panalibe woliyankha.